Picasso, Braque ndi Msewu wa ku Thambani

Chaka cha 1907 chili m'mabuku athu a mbiri chifukwa ndi pamene Angerezi anasiya kutchula dziko lino kuti British Central Africa n'kuyamba kulitcha Nyasaland. Malire amene lero amalekanitsa Mwanza ndi Zobue anali atadulidwa kale mu 1891, pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi, eni mapiri ano asanafunsidwe kanthu. M'chaka chomwecho cha 1907, ku Montmartre mumzinda wa Paris, mnyamata wa ku Spain wa zaka 25, Pablo Picasso, ankalimbana ndi chinsalu chachikulu chotalika kuposa munthu. Anajambulapo akazi asanu ali mbulanda m'nyumba ya mahule. Matupi awo anali ngati osemedwa ndi nkhwangwa, zigongono zakuthwa, mphuno zopindikira kumbali pamene maso akuyang'ana kutsogolo. Mmodzi wakhala chonyonyomala, watifulatira, koma nkhope yake yatembenukira kwa ife ngati khosi lilibe fupa. Anzake atachiona anagwira pakamwa. Chithunzicho, chimene pambuyo pake chinatchedwa Les Demoiselles d'Avignon, chinakhala m'chipinda mpaka 1916 chisanaonetsedwe kwa anthu, ndipo lero chili ku Museum of Modern Art ku New York.

Munthu wa ku Mwanza akhoza kufunsa, ndipo sakhala akulakwa, kuti zimenezi zikumukhudza bwanji. Ife tili ndi mitengo ya fetereza yoti tidandaule nayo, tili ndi mathiraki ofola mzere pa boda. Koma ndikukhulupirira kuti anthu a boma lino ali ndi chifukwa chawochawo chomvetsera zimene Picasso ndi mnzake Georges Braque ankalimbana nazo, chifukwa funso lawo linali lakuti: kodi chinthu chimene wachiona utaima pamalo amodzi, wachionadi?

Kuti timvetse chimene anaswa, tiyambe taona lamulo limene analipeza. Ku Florence, m'zaka za m'ma 1400, mmisiri wa zomangamanga Filippo Brunelleschi anasonyeza njira yoonetsera kutalika ndi kuyandikira kwa zinthu pa thabwa lathyathyathya, ndipo Leon Battista Alberti anailemba m'buku mu 1435. Njirayo aliyense akuidziwa ngakhale sanaiphunzire. Mukaima pakati pa msewu wochokera pa Zalewa, mumaona ukunka nuchepa mpaka mbali zake ziwiri zitakumana kutali uko, pamene mukudziwa bwino kuti msewuwo ndi wotakata chimodzimodzi mpaka ku boda. Wojambula akatsata zimenezi, chithunzi chake chimaoneka ngati zenera. Koma pali mtengo wolipira: ayenera kuima pamalo amodzi, kutsinzina diso limodzi, osasuntha mutu, ndi kuchita ngati nthawi yaima. Kwa zaka pafupifupi 500 azungu ankati kumeneku ndiye kujambula zoona. Kamera itatulukira mu 1839 inangotsimikiza lamulolo, poti nayonso ili ndi diso limodzi ndipo imaphethira kamodzi.

Komatu munthu wamoyo saona choncho. Mayi wogula nachesi pa msika wa ku Mwanza salipenya chapatali. Amalinyamula, kulitembenuza, kuyang'ana kuphata, kulidina ndi chala, mwina kulinunkhiza. Chimene akudziwa za nachesilo ndi zonsezi pamodzi. Ndiye tayerekezani kuti mwalisenda bwinobwino n'kuyala khungu lake lonse pa tebulo. Mbali zonse zaoneka nthawi imodzi, yakumaso ndi yakumbuyo yomwe, koma khungulo lang'ambika m'malo angapo, chifukwa chobulungira sichigona pa tebulo popanda kung'ambika. Cubism, njira ya kajambulidwe ya Picasso ndi Braque, ndi imeneyo. Unali mtengo wina wolipira: kuti uone zambiri, vomera kuti chithunzi chisweke.

Amene anawatsegulira njira ndi nkhalamba ina yosakonda anthu, Paul Cézanne, imene inatha zaka zambiri ikujambula phiri limodzi, Sainte-Victoire, mobwerezabwereza. M'zithunzi zake tebulo limapendekeka, m'mphepete mwake mukalowa kuseri kwa nsalu mumatulukira pena. Ena ankati mkuluyo sadziwa kujambula, koma iye ankangokana kubisa kuti diso lake limayendayenda. Anamwalira mu 1906, ndipo chionetsero chachikulu cha ntchito zake ku Paris mu 1907 chinazunguza mitu achinyamata. Braque anapita ku L'Estaque, kufupi ndi Marseille, kumene Cézanne ankajambulako, nabwerako mu 1908 ndi zithunzi za nyumba zopanda zitseko ndi mawindo, zosanjikizana m'phiri. Oweruza a chionetsero cha Salon d'Automne anazikana. Wogulitsa zithunzi wa ku Germany, Daniel-Henry Kahnweiler, anazitenga n'kuzionetsa m'kasitolo kake mu November chaka chomwecho, ndipo mtolankhani Louis Vauxcelles analemba monyoza kuti Braque wasandutsa chilichonse timabokosi. Dzina la gululi linachokera pa chipongwe chimenecho.

Kuyambira 1909 mpaka nkhondo itayamba mu 1914, Picasso ndi Braque ankaonana pafupifupi tsiku lililonse, aliyense kukasuzumira chimene mnzake wachita. Anasiya mitundu yowala, natsala ndi yotuwa ndi yofiirira ngati dothi. Anasiyanso nkhani zikuluzikulu za mafumu ndi angelo. Zimene ankajambula ndi za pa tebulo la m'bala: botolo, tambula, kaliwo, nyuzipepala, gitala, vayolini. Kwa kanthawi anasiya ngakhale kusaina kumaso kwa zithunzi zawo, moti mpaka lero pali zina zimene munthu wamba sangasiyanitse kuti ichi n'cha Picasso, ichi n'cha Braque. Ndimaona kuti mfundo imeneyi anthu amaidumpha msanga. Dzina la Picasso linakula mpaka kuphimba onse, koma ntchito yake yozama kwambiri anaichita pamene anavomera kuti maso ake okha sakukwanira.

Za Braque pali chinthu chimene chimandifikitsa kufupi ndi kwathu. Bambo ake ndi agogo ake anali opaka penti m'nyumba za anthu, ndipo iyenso anaphunzira ntchito imeneyo: kulemba zikwangwani, kupaka khoma kuti lioneke ngati thabwa kapena mwala wa mabo. Anali m'gulu limodzi ndi anyamata amene amalemba mayina pa magolosale ndi ma saluni a pa Mwanza boma, aja ojambula mitu ya anthu yometedwa masitayilo osiyanasiyana, wina chammbali wina chakumaso pa khoma limodzi. Luso la pa chikwangwani ndi limene analowa nalo m'zithunzi zapamwamba. Mu 1911 anajambula Le Portugais, munthu woimba gitala amene muyenera kumusaka pakati pa zidutswa, ndipo pamwamba pake anadindapo zilembo ndi manambala ngati a pa mabokosi a katundu. Chaka chotsatira Picasso anamata pa chithunzi nsalu yoyala pa tebulo yokhala ndi maonekedwe a mpando woluka, nazunguliza chingwe m'mbali. Braque naye, ali ku Sorgues, anagula ku Avignon pepala lomata pa khoma looneka ngati thabwa, nalidula n'kulimata pa chojambula chake cha makala. Kenako zidutswa za nyuzipepala zinalowa, zina zili ndi nkhani za nkhondo ya ku Balkans. Juan Gris, wa ku Spain ngati Picasso, anabweretsa dongosolo ndi mitundu yowala. Fernand Léger anapita nazo ku makina ndi mapaipi. Albert Gleizes ndi Jean Metzinger analemba buku lofotokoza njirayi mu 1912. Nkhondo itabuka, Braque anapita ku usilikali ndipo anavulala mutu koopsa mu 1915. Kahnweiler, pokhala Mjeremani, katundu wake analandidwa ndi boma la France n'kugulitsidwa motchipa pakati pa 1921 ndi 1923. Ubale wa Picasso ndi Braque sunabwererenso mwakale.

Tsopano nkhani ya zigoba, imene kwa ife ndi yovuta kuidutsa mwakachetechete. Mu 1906 Henri Matisse anagula kachifanizo kosema ka anthu a mtundu wa Vili a ku Congo, ndipo Picasso anakaona. Mu 1907 Picasso analowa m'nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya anthu ya Trocadéro, mmene munadzaza zosema zochokera m'maiko olamulidwa ndi France. Patapita zaka anauza mlembi André Malraux kuti kumeneko ndi kumene anazindikira kuti zigobazo sizinali zokongoletsera, koma zida zotetezera anthu ku mizimu. Nkhope ziwiri za kudzanja lamanja mu Les Demoiselles zimaonetsa ulendo umenewo, ngakhale zinazo anazitengera ku zosema zakale za kwawo ku Spain. Chitsanzo chomveka bwino kwambiri ndi chigoba cha anthu a mtundu wa Grebo, a m'malire a Côte d'Ivoire ndi Liberia, chimene Picasso anali nacho mu 1912. Pa chigobacho maso si maenje. Ndi timitengo tobulungira totulukira kunja. Wosemayo anadziwa kuti sayenera kukopera diso, angoika chizindikiro chake, ndipo woona adzamva. Picasso popanga gitala lake la makatoni chaka chomwecho, chibowo cha pakati anachipanga chimodzimodzi, ngati chitini chotulukira kunja. Phunziro limeneli, lakuti chithunzi ndi chinenero osati galasi, analitenga kwa mmisiri wa ku Africa amene dzina lake palibe anavutika kulilemba. Ndipo mu 1920, atafunsidwa ndi magazini ina za luso la anthu akuda, Picasso anayankha ngati salidziwa n'komwe.

Pamenepa pali msampha umene ife timakonda kugweramo, wonena kuti Cubism ndi yathu, azungu anangoba. Mawuwo amakoma m'kamwa koma ndi aulesi. Zigoba zimene Picasso anaona zinali za kumadzulo ndi pakati pa Africa, osati za Achewa, ndipo wosema wa Chigrebo sankalimbana ndi Alberti, poti lamulo la diso limodzi silinamumangepo. Vuto linali la azungu, ndipo anapeza kalumo kakuthwa m'thumba la mlendo. Ngongoleyo ndi yeniyeni. Mkangano wake unabuka poyera mu 1984, pamene Museum of Modern Art inaika zosema za ku Africa pambali pa zithunzi za ku Ulaya ngati zongochitira umboni, ndipo unamvekanso mu 2006 pa chionetsero cha Picasso and Africa ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Koma chimene chimandigwira mtima si chimene anatenga. Ndi chimene anasiya.

Anatenga nkhope, nasiya gule. Aliyense amene anakulira m'midzi ya Achewa ndi Amang'anja, kuno kapena kutsidya kwa malire ku Tete, akudziwa kuti chilombo sichionedwa chitapachikidwa pa msomali. Chimatuluka ku dambwe, kulowa m'bwalo ng'oma zikulira, amayi akuyankha nyimbo, fumbi lili koboo. Chimazungulira, kuthamangitsa ana, kugwada, kudzambatuka. Woima kum'mawa kwa bwalo ndi woima kumadzulo aona zosiyana, ndipo palibe mmodzi amene waona chonse. Wolowa ndi wosalowa akumva nyimbo imodzi koma tanthauzo lake sakulimva mofanana. Mbali zambiri zimene a ku Paris ankavutika kuzipanikiza pa chinsalu chosayenda, m'bwalo zimabwera zokha, chifukwa pali nthawi, pali kuyenda, pali khamu. UNESCO italemekeza Gule Wamkulu mu 2005, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi, inalemekeza mwambo wonse, osati mitengo yosemedwa yokha. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, kuli zigoba mazanamazana m'nyumba ya Chamare, ndipo phindu lake lagona poti nkhani ndi nyimbo za chilombo chilichonse zinalembedwa. Ku Trocadéro kunalibe zimenezo.

Ndipo tisaiwale kuti kuyang'anako kunali kwa mbali ziwiri. M'nthawi yomwe ojambula a ku Paris ankasinkhasinkha nkhope za ku Africa, osema a kuno ankasinkhasinkha nkhope za azungu. Zilombo za gule monga Simoni wa nkhope yofiira ngati wapsa ndi dzuwa, ndi Maliya, zinabadwa pa kukumana kwa mudzi ndi mishoni. Naye mzungu anaswedwa n'kumangidwanso, mphuno yake, khungu lake, kayendedwe kake, kuti mudzi umumvetse ndi kumuseka. Kusiyana kwake n'koti Simoni sanagulitsidwepo pa mamiliyoni a madola.

Zonsezi zikanangokhala nkhani yokoma ya luso chikanakhala kuti boma lino silinaonepo chithunzi cha diso limodzi chikugwira ntchito yake yoipitsitsa.

Pa 17 May 1983, anthu anayi anagwidwa ku Zomba Nyumba ya Malamulo itatseka zokambirana: a Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, a Aaron Gadama, nduna ya chigawo cha pakati, a Twaibu Sangala, nduna ya zaumoyo, ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa. Anagonetsedwa ku ndende ya Mikuyu. Usiku wotsatira anafera pa msewu wa ku Thambani, kuno ku Mwanza. Chithunzi chimene dziko linapatsidwa chinali chosalala, chopanda msoko: galimoto yagwera kuphedi, anthu anayi amene ankathawira kunja afa pa ngozi. Chilichonse chinali pamalo pake. Msewu wokhotakhota unalipo, malire a Mozambique ali pafupi, galimoto ili m'munsi. Wayilesi inali imodzi, kanema kunalibe, nyuzipepala zinali za mbali imodzi. Dziko lonse linaimitsidwa pamalo amodzi, kutsinzinitsidwa diso limodzi, n'kuuzidwa kuti lisasunthe mutu. Ngakhale mwambo woona nkhope, umene Mmalawi aliyense amautenga ngati ufulu wake womaliza pa m'bale wake, sunayende monga mwa nthawi zonse, ndipo anthu amene anatumikira boma pa maudindo otere anaikidwa popanda ulemu wa boma. Chithunzi cha mbali imodzi chimaopa munthu wofuna kuzungulira kuseri.

Koma mbali zinazo zinalipo. Panali amene anaona magalimoto usiku, amene ananyamula mitembo, ogwira ntchito m'chipatala amene anaona mabala, apolisi amene anatumidwa, akazi amasiye amene ankadziwa mmene amuna awo anachokera pakhomo. Aliyense anali ndi kachidutswa kake, ndipo kwa zaka 11 ankakasunga pansi pa lilime. Boma litasintha mu 1994, Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Mtegha, ndipo lipoti lake linatuluka kumayambiriro kwa 1995. Linapeza kuti panalibe ngozi: anthuwo anaphedwa ndi apolisi, ndipo galimoto inangokankhidwira kuphedi kuti nkhani ioneke bwino. Chimene bungwelo linachita ndi chimene mfumu iliyonse ya kwa Kanduku kapena kwa Nthache imachita pa bwalo la milandu, kumva uyu, kumva uyo, kufunsa chimene chinatsitsa dzaye. Chotulukapo sichinali chosalala ngati chithunzi choyamba chija. Mboni zina zinkasemphana pa nthawi, zina zinkateteza khungu lawo, ena ofunika kwambiri anali atamwalira kale. Chinali chithunzi cha zidutswa, cha misoko yoonekera. Koma chinali kufupi ndi choonadi kuposa chosalala chija.

Picasso anakumanapo ndi bodza la mtundu womwewu. Pa 26 April 1937, ndege za Germany ndi Italy, zothandiza General Franco pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain, zinaponya mabomba pa tauni ya Guernica tsiku la msika. A mbali ya Franco anafalitsa kuti eni tauniyo ndi amene anaitentha okha. Mtolankhani George Steer, wobadwira ku South Africa, anafika pamalopo, naona zotsalira za mabomba a ku Germany, nalemba mu The Times. Picasso anali ku Paris, ndipo anadziwa za tsokalo kudzera m'nyuzipepala. M'milungu yochepa anajambula Guernica, chinsalu cha mamita oposa 7 m'litali ndi oposa 3 m'mwamba, chakuda, choyera ndi chotuwa ngati nyuzipepala yomwe. Mulibe ndege, mulibe bomba, mulibe msilikali wa adani. Muli mayi akulira mwana wakufa ali m'manja, kavalo wolasidwa, ng'ombe yamphongo, munthu woduka mkono atagwirabe lupanga lothyoka, mayi wina akusuzumira pa zenera ndi nyali. Simungadziwe ngati muli m'nyumba kapena panja. Maso ali pamene sayenera kukhala. Njira imene anaiyesera pa mabotolo ndi magitala zaka 25 m'mbuyomo inapeza ntchito yake yeniyeni, chifukwa munthu amene bomba lamugwera saona zinthu mwadongosolo la Alberti. Picasso anakana kuti chithunzicho chipite ku Spain ufulu usanabwerere. Franco anamwalira mu 1975, Picasso atatsogola kale mu 1973, ndipo Guernica inafika ku Madrid mu 1981, zaka ziwiri zokha za ku Thambani zisanachitike.

Pali chenjezo limene ndiyenera kulinena, chifukwa masiku ano mawu akuti aliyense ali ndi mbali yake asanduka pobisalira. Pa Facebook ndi pa WhatsApp, munthu akagwidwa bodza amangoti mmenemo ndi mmene iye akuonera. Cubism sinanene zimenezo. Mu chithunzi cha Braque cha vayolini, ngakhale chaswedwa chotani, vayoliniyo ilipo. Mukafatsa mupeza nsambo zake, mupeza khosi lake lopiringizika, mupeza timabowo take. Pamwamba pa chimodzi mwa zithunzi zimenezi, Violin and Palette, Braque anajambulapo msomali wooneka ngati weniweni, ndi mthunzi wake womwe, ngati akutikumbutsa kuti dziko logwirika likadalipo. Mbali zimachuluka chifukwa chinthucho ndi chenicheni ndipo n'chachikulu kuposa diso limodzi, osati chifukwa kulibe. Nkhani ya ngozi ya ku Thambani sinali mbali imodzi mwa mbali zambiri. Linali bodza. Kuzungulira chinthu ndi ntchito yolemetsa kuposa kuima pamodzi, ndipo amene wazungulira amakhala ndi ufulu wouza mnzake kuti apa wanama.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati zithunzi zoterezi ngakhale mwana wa sitandade 2 akhoza kujambula. Mwanayo amajambuladi nkhope chammbali n'kuikapo maso awiri, chifukwa akudziwa kuti munthu ali ndi maso awiri, ndipo sitinamuphunzitse kubisa zimene akudziwa. Koma Picasso pa zaka 15 ankajambula kale ngati katswiri wa kalekale, bambo ake anali mphunzitsi wa zojambula. Anafika pa nkhope yoswedwayo atadutsa m'lamulo lonse, ataona pamene limathera. Akale athu amene anajambula m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006, nawonso sankalephera kukopera nyama. Zizindikiro zoyera za chinamwali ndi za nyau zinali zoti wolangizidwa aziwerenga, osati mlendo azisirira. Ndipo kutsidya kwa malire, Malangatana Ngwenya wa ku Mozambique, amene anamangidwapo ndi apolisi achinsinsi a Apwitikizi m'ma 1960, anadzaza zinsalu zake ndi nkhope zothithikana, maso ndi mano paliponse, popanda mpata wopumira. Anthu a ku Mwanza amene analandira othawa nkhondo a ku Tete m'ma 1980, ndiponso ku Kapise mu 2015 ndi 2016, sangafunike womasulira kuti amve zithunzi zimenezo.

Mlandu wa ku Thambani unafika ku khoti lalikulu mu 1995. Dr Hastings Kamuzu Banda, a John Tembo ndi ena anaimbidwa mlandu wopangana kupha, ndipo mu December chaka chomwecho onse anapezeka osalakwa. Boma linachita apilo, koma khoti la Supreme linagwirizana ndi chigamulocho mu 1997. Choncho m'mabuku a dziko lino muli zinthu ziwiri zogonera limodzi: lipoti lonena kuti anthu anayi anaphedwa ndi manja a boma, ndi chigamulo chonena kuti umboni sunakwane kumanga amene anaimbidwa mlandu wolamula. Zonse ziwiri ndi zovomerezeka, ndipo m'mphepete mwake simukumana. Mu January 1996 Dr Banda anapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene zinachitika m'dzina lake, osatchula kuti walakwa pa chinthu chakutichakuti. Anamwalira ku Johannesburg mu November 1997. A Tembo anamwalira mu 2023. Ku Thambani kuli chipilala chokumbukira anayiwo, ndipo ambiri mwa ana amene amadutsa pamenepo popita ku sukulu anabadwa makolo awo atazolowera kale kuvota. Amene anali akuluakulu mu 1983, m'midzi ya m'mbali mwa msewuwo, lero ndi agogo, ndipo si onse amene anaitanidwa kukaonekera pamaso pa Justice Mtegha.